Linga la Chepstow ndi Mayina Ake Atatu

Mlendo wochokera ku England akamalowa m'tauni ya Chepstow amawoloka mtsinje wa Wye pa mlatho wachitsulo womwe unamangidwa mu 1816. Pakati pa mtsinjewo ndi pamene pali malire a England ndi Wales. Asanafike tsidya linalo amakhala ataliona kale linga lalitali la miyala, lomangidwa pamwamba pa thanthwe loima njo m'mphepete mwa madzi. Zikwangwani zomulandira zimatchula malowa ndi mayina awiri, Chepstow ndi Cas-gwent. Dzina lachitatu, Striguil, linatsalira m'zikalata zakale. Dzina lililonse mwa atatuwa linachokera kwa anthu ena, ndipo kukwera ndi kugwa kwake kunatsata amene anali ndi mphamvu pa nthawiyo.

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England. Chaka chotsatira, mnzake wapamtima William FitzOsbern anayamba kumanga lingali kuti ateteze powolokera mtsinje ndi kupeza poyambira polanda dera la Gwent, limene linali la Awelishi. Nsanja yaikulu ya nthawi ya Anormani ikadalipo, ndipo m'makoma ake mukuoneka mzere wa njerwa zopyapyala za Aroma, zimene zimaganiziridwa kuti zinatengedwa m'mabwinja a Caerwent. Anormani ankayankhula Chifalansa, koma dzina limene anapatsa malowa, Striguil, akatswiri ambiri amati linachokera ku liwu la Chiwelishi lotanthauza pokhota mtsinje. Wolanda dziko anabwereka dzina kwa wolandidwa, nalitchula monga lilime lake linathera.

Mu 1189 msilikali wotchuka William Marshal anakwatira Isabel de Clare ndipo lingali linakhala lake kudzera mu ukwatiwo. Iye anamanga chipata chachikulu cha nsanja ziwiri zozungulira. Zitseko zake zamatabwa, zomwe kale zinali zokutidwa ndi chitsulo, tsopano zimasungidwa m'kati kuti alendo azione. Akatswiri atawerenga mizere ya zaka m'matabwawo anapeza kuti ndi za m'ma 1190 kapena kale pang'ono, ndipo zimatchulidwa kuti ndizo zitseko za linga zakale kwambiri ku Ulaya.

Amene anasandutsa lingali kukhala nyumba ya ulemerero ndi Roger Bigod, yemwe analilandira mu 1270. Pansi pa zipinda zimene anamanga pali mosungira katundu, ndipo khomo lake limayang'ana kumtsinje. Madzi a Wye amakwera ndi kutsika mamita oposa khumi potsata nyanja yamchere, choncho ngalawa zinkafika m'munsi mwa thanthwe, ndipo migolo ya vinyo inkakwezedwa ndi zingwe. Malonda a padoko anakulitsa tauni, ndipo pofika zaka za m'ma 1300 dzina lachingerezi linali litayamba kumveka. Chepstow ndi mawu awiri a Chingerezi chakale, ceap ndi stow, kutanthauza malo a msika. Dzina la amalonda linameza dzina la ankhondo.

Ntchito ya lingali inatha pang'onopang'ono. Mu 1648, pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku England, asilikali a Nyumba ya Malamulo analilanda ataboola khoma ndi mizinga. Pambuyo pake linakhala ndende, ndipo Henry Marten, mmodzi mwa amene anasaina chikalata chophera Mfumu Charles I, anafera momwemo mu 1680.

Zaka zonsezi Awelishi anali ndi dzina lawolawo, Cas-gwent, kutanthauza linga la Gwent. Lamulo la 1536 lolumikiza Wales ku England linaletsa munthu wosagwiritsa ntchito Chingerezi kukhala pa udindo wa boma, ndipo Chiwelishi chinatsalira kunyumba ndi kutchalitchi. Lamulo la 1993 linati mabungwe a boma azichilemekeza mofanana ndi Chingerezi, ndipo la 2011 linachitsimikiza kukhala chiyankhulo cha boma ku Wales. Lero lingali limasamalidwa ndi Cadw, nthambi ya boma la Wales, ndipo dzina limeneli ndi liwu la Chiwelishi lotanthauza kusunga.

Nkhaniyi si yachilendo kwa oyankhula Chichewa ndi Chinyanja. Fort Jameson inakhala Chipata, Fort Johnston inakhala Mangochi, atsamunda atachoka. Koma Cas-gwent ikuonetsanso malire a chipambano chotere. Kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu 17.8 pa 100 alionse ku Wales ndiwo amayankhula Chiwelishi, ndipo m'dera la Monmouthshire, momwe muli tauniyi, chiwerengerocho n'chotsika kuposa pamenepo. Dzina linabwerera pachikwangwani, koma m'misewu ya m'munsi mwa linga mlendo amamva kwambiri Chingerezi.