Ndodo yopepuka, nsomba yolemera

M'mitsinje ya Columbia, Deschutes ndi Skeena, kumpoto chakumadzulo kwa North America, muli nsomba yomwe asodzi amati uponye mbedza kachikwi ndiye idye nyambo. Dzina lake ndi steelhead. Ndi mtundu umodzi ndi trout ija azungu anadzaika m'mitsinje ya paphiri la Zomba ndi ku Nyika, kungoti iyi imatsikira kunyanja yamchere, kukanenepa, kenako n'kukwera mtsinje kudzaswa ngati mpasa mu Bua. Woima m'madzi ozizira tsiku lonse akuponya chingwe amafuna ndodo yowedzera yosatopetsa mkono. Komatu m'madzi omwewo mumadutsa salmon, ndipo salmon ya mtundu wa chinook yomwe Les Anderson anawedza mumtsinje wa Kenai ku Alaska mu 1985 inkalemera makilogalamu 44, choncho ndodoyo iyeneranso kukhala yamphamvu.

Pandodo zambiri amalembapo mawu awiri omwe ogula amakonda kuwasokoneza. Power ndi mphamvu yomwe imafunika kuti ndodo ipindike, kuyambira light mpaka heavy, ndipo pambali pake amalemba chingwe choyenera, mwachitsanzo mapaundi 8 mpaka 12. Action ikunena malo opindikira: fast imagonja kunsonga kokha, moderate imapindika kufika pakati, slow mpaka pafupi ndi chogwirira.

Liwu lomwe lapusitsa anthu ambiri ndi modulus. Kuchokera mu 1973, pomwe kampani ya Fenwick inatulutsa ndodo ya graphite yotchedwa HMG, opanga akhala akupikisana pa nambala imeneyi, ndipo wogula akaona yokwera amati wapeza ndodo yolimba. Ayi ndithu. Modulus imayeza kuuma kwa ulusi wa kaboni wopangira ndodo za graphite, kukana kwake kutamuka. Ulusi ukakhala wouma kwambiri, wopanga amakulunga wochepa, khoma la ndodo limapyapyala, ndodo n'kupepuka. Phindu lake ndi lenileni: chitsulo chomiza nyambo chikamagunda miyala pansi pa mtsinje, kugunda kulikonse kumafika m'chikhatho, ndipo msodzi amatha kusiyanitsa mwala ndi kamwa la nsomba. Koma khoma lopyapyala silipirira kumenyedwa. Chitsulo chija chikaombera ndodo poponya, kapena ndodo ikagwera pamwala, timaulusi tingapo timaduka mkati osaoneka ndi maso. Pakapita masabata, ndodo imathyokera pomwepo nsomba ili kuchingwe, mwini wake n'kumadandaula kuti anamugulitsa chinthu chachabe.

Choncho mphamvu yokoka ndi kupirira nkhanza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Fiberglass, yomwe inafala nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, ndi yolemera ndiponso yogontha m'manja, koma imakhululuka zambiri. Ugly Stik ya kampani ya Shakespeare, yomwe inatuluka mu 1976, inatchuka chifukwa chophatikiza fiberglass ndi graphite. Utomoni womata ulusi nawo uli ndi gawo lalikulu.

Pali cholakwa china chomwe asodzi anachipatsa dzina, high-sticking. Nsomba yafika pamiyendo, mtima uli phaphapha, munthu n'kuimika ndodo chilili kuloza kumwamba. Apo katundu yense amachoka kutsinde lonenepa n'kukatsamira pansonga yowonda, imene sinapangidwire kunyamula. Pwa! Ndodo yamamita atatu yasanduka ziwiri. Wodziwa amaipendeketsa chammbali kuti tsinde ligwire ntchito, n'kubwerera chambuyo kapena kusiyira mnzake wa ukonde.

Malo ena ofooka ndi ferrule, polumikizira zigawo za ndodo. Pakakhwepa, mbali yakunja imang'aluka, makamaka pa ndodo zazitali za Spey, zoponya ndi manja awiri, zomwe zimapotokola polumikizirapo poponya paliponse. N'chifukwa chake ena amakulungapo tepi asanalowe m'madzi.

Ine ndikamalangiza woyamba kumene, ndimati atenge ndodo ya modulus yapakati ndi action ya moderate. Idzalemererako pang'ono, koma steelhead ikadumpha n'kupukusa mutu, kupindika kwakeko kudzateteza chingwe kuti chisaduke ndi mbedza kuti isazuke.