Kugwa kunayambira pati? Mbiri ya chisamaliro cha odwala khunyu

Si kawirikawiri dokotala kuona munthu wa khunyu akugwa. Wodwala amafika m'chipinda chopimira atatsitsimuka kale, atasamba, atasintha malaya, ndipo mwini wakeyo sakumbukira kanthu. Choncho kuyambira kalekale kuzindikira matendawa kwadalira maso a amene anali pafupi: mayi, mphunzitsi, mnzake wa m'bwato, kapena namwino wa usiku. Ine ndagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo ndikamawerenga mbiri ya matenda akugwa ndimapeza mayina a madokotala okhaokha. Amene ankachezera m'mawodi n'kumalemba zimene akuona satchulidwa n'komwe.

Za makedzana ndingodutsapo. Ku Girisi, zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, buku lina la gulu la Hippocrates linatsutsa zoti khunyu ndi nthenda yochokera kwa milungu, n'kunena kuti gwero lake ndi ubongo. Linalasa, koma mankhwala panalibe, ndiye mantha anapitirira kwa zaka zoposa 2,000.

Zinthu zinayamba kusuntha ku London. Mu 1857 Sir Charles Locock anauza madokotala anzake kuti potassium bromide wachepetsa kugwa mwa amayi ena amene ankawathandiza. Mu 1860 ku Queen Square kunatsegulidwa chipatala cha ofa ziwalo ndi akhunyu, nthawi imene odwala otere ambiri ankathera m'nyumba za amisala kapena zosungiramo amphawi. Kumeneko n'kumene John Hughlings Jackson anagwira ntchito. Makina opimira ubongo kunalibe. Hans Berger anadzalengeza za EEG mu 1929, Jackson atamwalira kale mu 1911. Chida cha Jackson chinali funso: kuphuphaku kunayambira pati? Anaona kuti mwa odwala ena kumayambira pa chala chachikulu, n'kukwera dzanja, mkono, mpaka kunkhope, ndipo kumatsata njira yomweyo nthawi zonse. Apo m'pamene anazindikira kuti chiwalo chilichonse chili ndi malo ake muubongo, ndipo kugwa kumayamba maselo a malo amodzi akatulutsa mphamvu yopyola muyezo mwadzidzidzi. Mkazi wake anadwala kugwa kwa mtundu womwewo asanamwalire mu 1876, kotero zina anaziona kunyumba kwake komwe. Mnzake William Gowers analemba buku mu 1881 lochokera pa odwala 1,450. Munthu mmodzi angaone ndi maso ake kugwa kwa anthu onsewo? Zambiri anachita kumva kwa odwala, achibale ndi osamalira.

Bromide ankathandiza, koma ankasiya munthu ali lenguu, waulesi m'maganizo, nkhope ili ziphuphu zokhazokha. Mankhwala amene timawadziwa bwino kwathu kuno, phenobarbitone, anabwera mu 1912 kudzera m'kusowa tulo. Alfred Hauptmann, dokotala wachinyamata ku Freiburg m'dziko la Germany, ankagona pamwamba pa wodi ya akhunyu, ndipo phokoso la odwala akugwa linkamudzutsa usiku. Anawapatsa mankhwala atsopano ogonetsa otchedwa Luminal, omwe ndi phenobarbitone yemweyo, kuti nayenso agone. Kenaka anaona kuti odwalawo achepetsa kugwa, usiku ndi masana omwe. Ena akanangoyamika tulo n'kuiwala. Iye anawerengera n'kulemba.

Kuno kwathu, nthawi ya Nyasaland, boma la atsamunda linatsegula malo osungira amisala ku Zomba mu 1910, moyandikana ndi ndende, ndipo chipatala chenicheni cha matenda a maganizo chinadza mu 1953. Chisamaliro cha akhunyu chinakulira pansi pa nthambi imeneyi. Mpaka lero m'maboma ambiri wodwala khunyu amalandira mankhwala pa kiliniki ya matenda a maganizo. Anamwino a nthambiyi asenza mtolo umene ena ankaukana, ndipo ndimawavulira chipewa. Komabe dongosololi linalimbitsa bodza loti khunyu ndi misala. Ndaonapo abambo akubweza mwana wawo pakhomo pa kiliniki atangowerenga chikwangwani.

Kumudzi mantha anali ena. Ankati ukakhudza thovu la munthu amene wagwa, kapena akatulutsa mpweya woipa uli pafupi, nthendayo yakulowa. Ndiye munthu akagwa aliyense ankafutuka, ngakhale wagwera pamoto. N'chifukwa chake namwino wozolowera amayamba wayang'ana manja ndi miyendo. Zipsera za moto zakale ndi zatsopano pa munthu mmodzi, kuphatikiza lilime lolumidwa m'mbali, zimaulula zimene banja likubisa. Khunyu sapatsirana m'malovu kapena mumpweya.

Pa nkhani yoika supuni m'kamwa mwa munthu amene wagwa tisamanyoze akumudzi okha. Mabuku akale a unamwino ndi a chithandizo choyamba ankaphunzitsa kuika kanthu pakati pa mano, ndipo m'mawodi ambiri kathabwa kokulunga ndi bandeji kankakhala pafupi ndi bedi la wodwala. Amati munthu angameze lilime. Lilime silimezeka. Chimene chinkachitika ndi mano othyoka, nkhama zong'ambika ndi zala zolumidwa za wothandizayo. Zipatala zinasiya mwambowu, koma m'masukulu ndi m'matchalitchi ukadalipo. Zimene timaphunzitsa lero n'zochepa: chotsani munthuyo pafupi ndi moto kapena madzi, ikani chitenje pansi pa mutu, musamupanikize, musamumwetse kanthu, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Kenaka yang'anani nthawi. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala, kumene timapereka diazepam n'kuyeza shuga, kutentha kwa thupi ndi malungo. Zotsalazo ndi mafunso a Jackson omwe aja amene timafunsa gadiyani: anali kuchita chiyani, anamva fungo kapena mantha asanagwe, maso anapenya mbali iti, mkono uti unayamba, anadzikodzera, anagona nthawi yaitali bwanji. Masiku ano vidiyo ya pafoni imatiyankha mafunso angapo nthawi imodzi.

Wodandaula mutu timamufunsa mwa njira yomweyo. Mutu waching'alang'ala umene munthu wakhala nawo zaka zambiri sutiopsa ngati mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kapena wa mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndipo akuona zinthu mwachimbuuzi. Ameneyo timamuyeza BP pomwepo, chifukwa angayambe kukomoka nthawi iliyonse.

Malawi naye waphunzitsako dziko pa ntchito imeneyi. Ku Queen Elizabeth Central Hospital, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anafalitsa mu 1989 muyezo wa kukomoka kwa ana odwala malungo a muubongo, umene dziko lonse limautcha Blantyre Coma Scale. Sufuna makina. Namwino amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, mmene akulirira ndi mmene akuchitira akamva ululu, n'kupereka nambala kuchokera pa 0 mpaka 5. Kafukufuku wina wa pa chipatala chomwecho, wotsogozedwa ndi Gretchen Birbeck mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi opulumuka malungo a muubongo amadzadwala khunyu. Makolo amene amafunafuna mfiti m'banja adziwe kuti nthawi zambiri wolakwa ndi udzudzu, kubadwa movutikira, kuvulala m'mutu kapena mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba.

Nkhani imene ndimaikonda koposa ndi ya ku Embangweni m'boma la Mzimba, imene dokotala A. E. Watts anailemba m'magazini ya BMJ m'chaka chomwecho cha 1989. Poyamba odwala khunyu amene ankabwera anali 11 okha. Achipatala anafalitsa uthenga m'midzi kuti nthendayi ili ndi mankhwala, anawapereka ulere, anaitana odwala mwezi ndi mwezi, n'kuonetsetsa kuti phenobarbitone sakutha. Patatha zaka ziwiri m'kaundula munali anthu 461. Anthuwo analipo kale m'midzimo, anangobisika chifukwa panalibe chowatulutsira.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lapansi ali ndi khunyu, ndipo mwa khumi aliwonse asanu ndi awiri angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera. Koma phenobarbitone akasiyidwa mwadzidzidzi, munthu angagwe motsatizana mpaka kufa. Wodwala amene wayenda mtunda wautali ndi kabuku kake ka kuchipatala n'kuuzidwa pawindo kuti mankhwala atha, waikidwa pangozi yoposa ya amene sanayambe n'komwe kumwa. Inu akuluakulu a zaumoyo m'maboma, mukamalemba mndandanda wa mankhwala osayenera kutha, phenobarbitone akhalepo.