Madotolo Amene Anawerenga Masiku Cobwerera

Mundikhululukire, akuluakulu, pakuti nkhani ya lero ndi ya kusamba kwa akazi, imene siikambidwa pabwalo. Koma m'nyumba zambiri mwagwa misozi cifukwa ca kusaidziwa.

M'caka ca 1672 dotolo wa ku Holland, Regnier de Graaf, analongosola timatuza timene timera m'ziwalo ziwiri za mkazi zosunga mazira. Dzira lenileni la m'kati mwa katuza linaoneka m'caka ca 1827, pamene Karl Ernst von Baer analipeza mwa galu. Tsono agalu omwewo anasoceretsa madotolo. Poona kuti galu wamkazi atenga bere pafupi ndi nyengo imene akha mwazi, ambiri anayesa kuti munthu ali cimodzimodzi, nauza anthu kuti pakati pa mwezi mkazi sangaime. Imeneyo ndiyo nyengo imene aima!

Amene anakonza colakwaco ndiye Kyusaku Ogino, dotolo wa akazi ku Niigata, m'dziko la Japan. Anzace anali kuwerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo, ndipo masiku sanali kugwirizana. Iye anawerenga cobwerera, nalemba m'caka ca 1924 kuti dzira lituruka kutatsala masiku 12 kufikira 16 kuti msambo wina uyambe. Hermann Knaus wa ku Austria anapeza zofanana payekha m'caka ca 1929.

Tanthauzo lace ndi ili: cigawo comariza ca mwezi wa mkazi sicisintha kwambiri, koma coyamba, pamene katuza kali kukula ndi dzira lace, cilibe malire. Mwa wina cifupika, mwa wina citalika, ndipo matenda, njala kapena nkhawa zicicedwetsa ngakhale mwa mkazi yemweyo. Cifukwa cace wonena kuti mkazi ali yense aima pa tsiku la 14 anena zoona za ena okha.

Ogino anafuna kuthandiza osowa ana. Pamene ena anasandutsa ciwerengero cace njira yopewera mimba, iye sanakondwere, poona kuti sicokhulupirika. M'caka ca 1995 ofufuza a ku America anasonyeza kuti masiku oima ali 6 okha: asanu otsogolera kuturuka kwa dzira, ndi tsikulo. Mbeu ya mwamuna itha kudikira masiku asanu, dzira tsiku limodzi lokha. Mwamuna amene afika kwao kamodzikamodzi angawaphonye miyezi yambiri, mkazi wace alibe cirema ciri conse.