SQLite: nkhokwe ya deta yokhala m'kati mwa pulogalamu

SQLite ndi database yaing'ono imene imakhala m'kati mwa pulogalamu yomwe ikuigwiritsa ntchito, ndipo deta yake yonse imasungidwa m'fayilo imodzi. Ma database ena monga MySQL ndi PostgreSQL amafuna seva yoyenda payokha, dzina lolowera ndiponso pasiwedi, pamene ndi SQLite pulogalamu imangotsegula fayilo n'kuyamba kulemba. Anaipanga ndi D. Richard Hipp wa ku America m'chaka cha 2000, pamene ankalemba mapulogalamu a sitima yankhondo ya dziko lawolo. Inalembedwa m'chinenero cha C ndipo ilibe chiphaso cholipira: aliyense angathe kuitenga, kuisintha kapena kuiika mu pulogalamu yogulitsa. Mtundu wachitatu, umene ukugwirabe ntchito lero, unatuluka mu 2004.

Munthu wa ku Mchengautuwa amene ali ndi foni ya Android amayenda ndi SQLite m'thumba ngakhale sanamvepo dzina lake. Mauthenga a WhatsApp pa foni zotere amasungidwa mu SQLite, monganso mbiri ya masamba amene munthu watsegula pa Firefox kapena Chrome. Kwa wophunzira mapulogalamu, kaya wa ku Mzuzu University ku Luwinga kaya wodziphunzitsa yekha pa laputopu yakale, ubwino wa SQLite ndi wakuti sifuna intaneti kapena bandulo. Python imabwera nayo kale kuyambira mtundu wa 2.5 wa m'chaka cha 2006, pansi pa dzina lakuti sqlite3. Olemba Java amaifikira kudzera mu JDBC, ngakhale alinso ndi zina zamtundu womwewu monga H2, HSQLDB ndi Apache Derby.

Kalasi ndi tebulo

Oyamba kumene savutika kwenikweni ndi SQL. Amakodwa pa malire a pulogalamu ndi database. Mu Java, Python kapena Kotlin, deta imakhala m'ma object, ndipo object imodzi imatha kusunga anzake m'kati mwake. Database imadziwa matebulo, mizere ndi makolamu basi.

Tiyerekeze kuti gulu la banki mkhonde likufuna kuchoka pa kope n'kupita pa foni. Pulogalamu idzakhala ndi kalasi ya Membala, yokhala ndi dzina, nambala ya foni ndi mndandanda wa ngongole zake. Mndandanda sungalowe m'kolamu imodzi. Pamafunika matebulo awiri, la mamembala ndi la ngongole, ndipo mzere uliwonse wa ngongole umasunga nambala ya mwini wake. M'tebulo la mamembala, nambalayo ikhale INTEGER PRIMARY KEY, yomwe SQLite imapereka yokha. Dzina silingagwire ntchito imeneyi, chifukwa m'gulu limodzi a Nyirenda angathe kukhalamo atatu. Chimene ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti SQLite siyang'anira ubale wa matebulo awiriwa pokhapokha italamulidwa ndi PRAGMA foreign_keys = ON nthawi iliyonse imene fayilo yatsegulidwa. Popanda lamuloli, ngongole ya membala amene kulibe imalowa bwinobwino.

SQL yonse ndi bwino ikhale m'kalasi imodzi yapadera, imene odziwa amaitcha DAO kapena repository. Kalasi ya Membala isadziwe n'komwe kuti kuli database. Ingodziwa kuwerengera chiwongoladzanja. Kalasi inayo ndiyo imalandira object n'kuilemba m'mzere, kapena kutenga mzere n'kuumbanso object. Pali zida zotchedwa ORM zimene zimachita zimenezi zokha, monga Hibernate, SQLAlchemy ndi Room, yomwe Google inatulutsa mu 2017 kuti ithandize olemba mapulogalamu a Android. N'zothandiza, koma amene waziyamba asanalembepo SELECT ndi JOIN ndi manja ake amasowa pogwira tsiku limene pulogalamu yayamba kuchedwa.

Ndalama, masiku ndi mawu a wogwiritsa ntchito

SQLite imasunga deta ya mitundu isanu: NULL, INTEGER, REAL, TEXT ndi BLOB. Ndalama zisasungidwe ngati REAL, pakuti kompyuta siwerenga tizigawo ta nambala ndendende, ndipo pakutha pa chaka, nthawi yogawana, matambala osowawo amabutsa mkangano. Njira yake ndi kusunga matambala ngati INTEGER: K5,000 ilembedwe 500000. Mtundu wa tsiku kulibe, motero tsiku limalembedwa ngati mawu, chaka poyamba, monga 2024-03-09, kuti masiku azisanjika bwino. SQLite ndi yololeranso mopitirira: mawu akalembedwa m'kolamu ya nambala, nthawi zambiri imangolandira. Matebulo a STRICT, amene anabwera mu 2021, amakana zoterezi.

Zimene munthu walemba pa foni zisalumikizidwe mwachindunji ku lamulo la SQL. Pamalo pake paikidwe chizindikiro cha funso, monga INSERT INTO mamembala (dzina, foni) VALUES (?, ?), ndipo dzinalo liperekedwe padera. Izi zimatsekereza akuba a SQL injection, koma kuno zimathandizanso pa nkhani ya tsiku ndi tsiku: mayina ngati Ng'ambi ndi Ng'oma ali ndi kachizindikiro kamene SQL imakawerenga ngati mapeto a mawu, ndipo lamulo lolumikizidwa mwachisawawa limafera pomwepo.

Magetsi akazima

Membala akabweza ngongole, pulogalamu imalemba malo awiri: kuchotsa pa ngongole yake ndi kuwonjezera m'thumba la gulu. Magetsi a ESCOM akathima kapena batire ikatha pakati pa ziwirizi, mabuku sagwirizana. Mankhwala ake ndi transaction: zolemba zonse ziwiri zimayamba ndi BEGIN n'kutsekedwa ndi COMMIT, ndipo zimalowa zonse kapena sipalowa chilichonse. Pulogalamu ikatsegulidwanso, SQLite imabweza yokha zimene zinatsala panjira. Mu Python, kuiwala commit ndi chifukwa chofala chimene deta imaoneka ngati yasungidwa, kenako n'kusapezeka mawa lake.

SQLite imalola wolemba mmodzi pa nthawi imodzi. Njira ya WAL, ya m'chaka cha 2010, imalola ena kuwerenga wina akulemba, koma olemba awiri amadikirizanabe. Kuika fayilo pa netiweki kuti makompyuta angapo a mu ofesi azilembamo nthawi imodzi kungathe kuiwononga. Ntchito yotere ndi ya PostgreSQL kapena MySQL. Fayilo ya SQLite ingakoperedwe pa flash kuti isungidwe, koma pulogalamu ikhale itatsekedwa, apo ayi munthu agwiritse ntchito lamulo la .backup.