Kinnah Phiri: Womwetsa Zigoli Amene Anasanduka Mphunzitsi wa Flames

M'zaka za m'ma 1970, anthu a mumzinda wa Blantyre akamakhamukira ku bwalo la Kamuzu Loweruka masana, ambiri ankapita kukaonera mnyamata mmodzi wosewera kutsogolo mu timu ya Bata Bullets. Dzina lake linali Kinnah Phiri, wobadwa mu 1954. Timuyo, yomwe ochemerera ake amaitcha Maule, inkathandizidwa ndi kampani yopanga nsapato ya Bata, ndipo mpira wa nthawi imeneyo sunali ntchito yolemeretsa munthu. Koma Kinnah ankamwetsa zigoli mosalekeza. Mu timu ya dziko, ya Flames, anagoletsa zigoli 71, ndipo mpaka lero palibe Mmalawi wina amene wafikapo pamenepo.

Zaka zake zaulemerero zinali 1978 ndi 1979. Motsogozedwa ndi mphunzitsi wa ku England, Ted Powell, Flames inatenga chikho cha mayiko a kummawa ndi pakati pa Africa kawiri motsatizana: koyamba pakwawo itagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza, kachiwiri ku Kenya itathambitsa eni bwalo. Mu gulu limeneli munali akatswiri monga Jack Chamangwana ndi Young Chimodzi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Kinnah anachoka m'dziko muno n'kupita ku Swaziland, komwe anakasewerera Manzini Wanderers. Choncho pamene Flames inkapita koyamba ku mpikisano wa mayiko onse a mu Africa, ku Ivory Coast mu 1984, womwetsa zigoli wamkulu uja sanali nawo paulendowo. Mwayi umene unamudutsa ali wosewera anadzaupeza patapita zaka 26, atakhala pa benchi ngati mphunzitsi.

Ntchito yophunzitsa timu ya dziko ankakonda kuipereka kwa alendo. Akuluakulu a mpira ankakhulupirira kuti nzeru zenizeni zichokera kutsidya kwa nyanja, ndipo nthawi zambiri wosewera wakale wa konkuno ankamuika pambali kuti azithandizira. Kinnah anayamba kusintha maganizo amenewa mu 2004, pomwe anafikitsa timu yake yakale, yomwe tsopano inkatchedwa Bakili Bullets, mu ndime ya magulu ya mpikisano wa matimu akuluakulu a mu Africa, atatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa. Kenaka anakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa komweko. Mu 2008, mphunzitsi wa Flames Stephen Constantine wa ku England atatula pansi udindo, bungwe loyendetsa mpira la FAM linaitana Kinnah kuti abwerere kwawo.

Sizinatenge nthawi kuti zipatso zake zioneke. Mu June chaka chomwecho, Egypt, imene inali itangotenga kumene chikho cha Africa ku Ghana, inabwera ku bwalo la Kamuzu. Masewero anali atatsala pang'ono kutha, anthu ena atakhutira kale kuti matimu alepherana, pomwe Chiukepo Msowoya anaugwedeza ukonde. Bwalo lonse linaimirira. Mu October Flames inagonjetsa DR Congo 2-1 n'kulowa ndime yomaliza ya masewero odzigulira malo ku mpikisano wa mayiko onse a mu Africa. Kumeneko inagonjetsa Guinea 2-1 ndipo inafanana mphamvu 1-1 ndi Ivory Coast ya Didier Drogba, zomwe zinaipatsa malo ku mpikisanowo, womwe unachitikira ku Angola.

Pa 11 January 2010, mumzinda wa Luanda, dzuwa likuswa mtengo, Flames inakumana ndi Algeria, timu yomwe inali itapata kale malo ku mpikisano wa dziko lonse wa chaka chimenecho. Russell Mwafulirwa anatsegula, Elvis Kafoteka anamwetsa chachiwiri ndi mutu, Davi Banda n'kutseka ndi chachitatu. Aka kanali koyamba kuti Malawi apambane masewero pa mpikisano umenewu. Flames inagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera kumudzi, koma Algeria yomwe inathiridwa zitatu ija inakafika ndime ya matimu anayi otsiriza.

Zotsatira zake sizinapitirire kukoma. Mu October 2011 Flames inkangofunika kupambana ku Chad kuti ipitenso ku mpikisanowu, koma chigoli cha m'mphindi zomaliza chinafananitsa mphamvu 2-2. Chaka chotsatira Ghana inaitsekereza njira, ndipo kumayambiriro kwa 2013 Kinnah anachotsedwa ntchito. Anapitiriza kuphunzitsa kunja, kuphatikizapo timu ya Mbeya City ya ku Tanzania.

Komabe mpando wa mphunzitsi wa Flames sunakhale wa alendo okha. Young Chimodzi, amene anali womuthandizira, anadzautenga, kenaka Ernest Mtawali. Meck Mwase, nayenso wosewera wakale wa Flames, ndi amene anaipezera timuyi malo kachitatu ku mpikisano wa Africa, womwe unachitikira ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022. Kumeneko Malawi anadutsa ndime ya magulu kwa nthawi yoyamba, asanatulutsidwe ndi Morocco 2-1.