Malire a Mchinji: Ndale, Ndalama ndi Maulendo

Boma la Mchinji, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning, lili pa malire amene anagawa Achewa ndi Angoni apachibale, kotero kuti kupita ku Chipata, komwe kale kunali Fort Jameson, sikunkaoneka ngati kutuluka m'dziko. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, amuna ambiri ankadzera njira imeneyi popita ku migodi ya kopa, chifukwa malipiro a kumeneko ankaposa zimene mlimi ankapeza pa mtedza.

Ufulu wa 1964 unapatutsa Malawi ndi Zambia pa ndale, pakuti Kamuzu Banda anapalana ubwenzi ndi boma latsankho la South Africa pamene Kenneth Kaunda ankasunga omenyera ufulu. Ndipo njanji imene inafika ku Mchinji mu 1980 inathera pomwepo, osalumikizana ndi Chipata mpaka 2010, kuchedwa komwe kunapweteka amalonda a mbali zonse.

Masiku ano chimene chikuyendetsa anthu kwambiri ndi mphamvu ya ndalama. Kwacha ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, soya ndi chimanga cha kuno zinatsika mtengo kwa wogula wa ku Zambia, pamene katundu wochokera ku Chipata anakwera. Chipata chamakono cha Mchinji-Mwami, pomwe katundu amayenderedwa kamodzi ndi mayiko onse awiri, chinatsegulidwa mu Disembala 2022, komabe matumba ambiri amawolokabe pa njinga kudzera njira zachidule.