Shawelo ya ku Kashmir inachokera kuti?

Funso: Pamipango ndi pamashawelo ambiri ndimaonapo kaluwa kopindika kunsonga ngati kamango kakang'ono. Kodi kanachokera kuti? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Kaluwako kwawo ndi ku Persia ndi ku Kashmir, dera lamapiri kumpoto kwa India ndi Pakistan, ndipo eni ake amakatcha buta. Kanafala ndi mashawelo a ku Kashmir. Mbuzi za m'mapiri ozizira a Ladakh ndi Tibet zimamera ubweya wofewa kunsi kwa ubweya wokhakhala. Ubweya wofewawo amayi ankaupota ndi manja, abambo n'kumawomba, akulowetsa ulusi wa mtundu uliwonse ndi kamtengo kakekake. Shawelo yodzaza ndi maluwa inkatha chaka, mwinanso kuposa, isanachoke pachowombera.

Nsalu yotere sinali ya munthu wamba. Mfumu Akbar ya ku India, imene inalamulira kuyambira 1556 mpaka 1605, inkaikonda kwambiri. Mafumu ankaveka shawelo munthu amene wawakondweretsa, ndipo wolandirayo ankakhala wavomera kuti ali m'manja mwa mfumu. Mu 1846, Angerezi atagulitsa Kashmir kwa mfumu Gulab Singh, pangano la ku Amritsar linamulamula kuti chaka ndi chaka aziwapatsa hatchi imodzi, mbuzi 12 ndi mashawelo 6, kusonyeza kuti wamkulu ndani.

Ku France amene anatchukitsa shaweloyi ndi Joséphine, mkazi wa Napoleon. Ku England mayi ankaisunga kuti mwana wake wamkazi adzapite nayo kubanja, ndipo buku la Elizabeth Gaskell la 1855, North and South, limayamba ndi amayi akusirira mashawelo a ku India pokonzekera ukwati. Osauka nawo anaifuna. Owomba nsalu a m'tauni ya Paisley ku Scotland anayamba kukopera maluwawo n'kumagulitsa motchipa, mpaka kaluwako kanatenga dzina la tauni yawo.

Funso: Ndiye kuti owomba a ku Kashmir analemera?

Yankho: Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Ndalama zinkathera kwa amalonda ndi kwa okhometsa msonkho. Wowomba ankakhala ndi ngongole kwa mwini chowombera, osaloledwa kusiya ntchito kapena kutuluka m'dziko. Mu April 1865 owomba anaguba mumzinda wa Srinagar kukadandaula za msonkho. Asilikali anawathamangitsa ndipo ena anamira m'madzi pamlatho wa m'dera la Zaldagar.

Posakhalitsa msika unagwa. Nkhondo ya France ndi Prussia ya 1870 inathawitsa ogula, kavalidwe ka amayi ku Ulaya kanasintha, kenako njala inagwa ku Kashmir mu 1877. Owomba ambiri anafa nayo, ena anathawira ku Punjab, ndipo ena mwa otsalawo anayamba kuwomba makapeti.